Zigamba Zinayi za Amayi

Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Ndimangokumbukira kuti ndinachoka kwathu chimanga chikumasula, ndipo kulikonse kumene ndinkafika ndinkachipeza chikumasulabe, ngati chaka chinakana kusuntha. Ena amayenda pothawa mlandu, ena potsatira mkazi. Ine poyamba ndinkayenda chifukwa mapazi ankangondiyabwa, koma pambuyo pake ndinayenda chifukwa cha foni ya amayi.

Foniyo ndinawagulira ndine, kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke. Amayi sadziwa kuwerenga, ndipo chimene ankadana nacho kuposa njala chinali kupita kwa a Nachanza, oyandikana nawo nyumba, kukapempha kuti awaimbire ana awo. A Nachanza sankakana, mtima anali nawo wabwino ndithu, koma akaimba ankaima pomwepo khutu lili tcheru, ndipo pofika madzulo nkhani za m'banja mwathu zinali zitafika kale pamjigo. Choncho ndinafunafuna foni yoti munthu wosadziwa chilembo n'kuimba yekha, ndipo ndinaipeza. Ukaiyatsa, pagalasi pake pankabwera timabokosi tamitundumitundu togundana, ngati thalauza la kumunda, moti anthu ankangoitcha foni ya zigamba. Ndinasiyapo zigamba zinayi zokha, chilichonse ndi nkhope yake. Kumwamba kunali Lufina, mlongo wanga wokhala kunja, ndi Yotamu, mng'ono wanga. Pansi pa Lufina panali ine, ndipo pambali panga panali a Sikelo ogula mbuzi.

"Ndiye ndikagunda nkhope yakoyi uyankha?" anafunsa amayi.

"Ndiyankha, amayi."

"Osadzera kwa munthu?"

"Osadzera kwa munthu."

Anaikulunga m'kansalu kobiriwira n'kumanga mfundo. "Chabwino. Pita kumene ukupitako."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, m'thumba mwanga munkalira foni. Mafunso oyamba anali awiri, ndipo sanasinthepo.

"Uli kuti?"

"Ndili kutali pang'ono, amayi."

"Wadya?"

"Ndadya."

Ndinkayankha choncho ngakhale m'mimba mukulira. Zikatero ankayamba za mbuzi, za denga, za amene wabereka ndi amene wathawa banja, mpaka mayunitsi kutha. Mawu awo ankakhala omasuka, a munthu amene ali yekha m'nyumba mwake, ndipo ine ndikawamva choncho mtima unkakhala pansi.

Malo oyamba amene ndinakhalitsa anali tauni ya fumbi, ya msewu umodzi wautali ndi masitolo oyang'anana. Pakhonde pa sitolo ya nsalu panali tebulo, ndipo patebulopo panali bambo wina wowerama, a Gwedeza, akutsuka m'mimba mwa foni ndi mswachi wakale. Ndinaima kuonerera mpaka mthunzi unasuntha. Mawa lake ndinabweranso. Tsiku lachitatu anandiponyera mswachiwo osandiyang'ana n'komwe.

"Maso okha sakonza foni. Gwira."

Kwa iwo ndinaphunzira kutsegula foni osathyola timano take, kuchotsa dzimbiri ndi sipiriti, ndi kusungunula mtovu mpaka chala changa chinachita chipsera chimene ndili nacho mpaka lero. Ankalankhula mwa apo ndi apo, ndipo akatsegula pakamwa kawirikawiri kunali kunyoza. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: foni isachoke patebulo ili yakuda. "Ngakhale yakukanika, ipukute," ankatero. "Mwini wake aone kuti inagona kwa anthu." Lamulo limeneli linandilowa m'magazi.

Tsiku lina ndinadzitama za foni imene ndinagulira amayi. A Gwedeza anaseka ndi mphuno.

"Iwe, foni ndi zinthu ziwiri. Izi ukuzionazi, galasi, batire, bolodi, ndi mudzi, ndipo omanga ake ndi a fakitale. Koma chimene chimachititsa kuti ukagunda apa pachitike chakuti, timati sisitimu, ndipo ameneyo ndi mkamwini, amachokera kunyumba ina. Nyumba zobereka akamwiniwa zilipo zitatu. Ina ndi ya mpanda: mudzi imamanga yokha, mwana wake sakwatira kunja, ndipo iwe ndi tizitsulo takoto umabwerera pachipata. Ina ndi ya pachitsime: mwana wake imampereka ulere kwa fakitale iliyonse yomufuna, bola msika wake uikidwe pabwalo pa mudziwo. Ndiye pali ya zigamba zakozo. Mnyamatayo ndi waulemu, ntchito amagwira, koma makolo ake amafuna fakitale izilipira pa foni iliyonse, ndipo salola kuti umusinthe ngakhale malaya. Tandiuza, utakhala mwini mudzi ungatenge uti?"

"Wa ulereyo."

"Wayankha wekha. Fakitale imene inapanga foni ya mayi akoyo inapitikitsa mwana wake womubereka yokha, n'kulumbira kuti idzafa ndi wa zigamba. Kaya. Tipatse mtovuwo."

Sindinade nkhawa. Ndinali ndi chipinda chadenga losadontha, ndinkadya chiwaya masana, ndipo Lamulungu foni inkalira. Zoti kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu anthu ovala masuti akulimbirana akamwini ndinkaziona ngati mvula ya kwa eni ake. Ndinakhala kwa a Gwedeza mpaka tsiku lina m'mawa mapazi anayambanso kuyabwa. Ponditsanzika anandipatsa mswachi uja n'kunena kuti unali utatha kale.

Minibasi zonse zimene ndinakwera zaka zimenezo zinali ngati imodzi. Kondakitala ankakhala yemweyo, wa dzino limodzi lothyoka, ndipo nthawi zonse ankati tatsala pang'ono kufika. Ndinatsika pa tauni ya pamalire, kumene anthu amagula ndi ndalama za mitundu iwiri n'kutukwanana m'zilankhulo zitatu. Pakhonde pa sitolo ya njinga panali tebulo, ndipo patebulopo panali mayi wina wovala mpango woyera, Abiti Mdoka, akuyang'anitsitsa kompyuta yong'aluka chivundikiro. Ndinaima kuonerera mpaka mthunzi unasuntha. Iwo sanadikire tsiku lachitatu. Anayang'ana chipsera cha pachala changa n'kusuntha pabenchi.

"Manja okha sakonza foni, achimwene. Khalani apa."

Kwa iwo ndinaphunzira kufulasha, ndiko kutsuka sisitimu ikasokonezeka mutu n'kuiikamonso bwinobwino. Abiti Mdoka ankamukonda mkamwini wa pachitsime. "Mwana wosakana uyu," ankatero. "Ukati vala chitenje, avala. Ukati vala suti, avala." Masana ena kukusowa makasitomala anandionetsa mmene munthu angasokere nkhope ina pagalasi la foni yotere, kuchotsa izi, kukulitsa izo, mpaka mwini wake osaizindikira. Ndinaseka, ndinayesa kawiri, kenako ndinaiwala.

Kumalireko ndi kumene ndinaona foni za zigamba zikuyamba kudwala. Sizinkasweka ayi, zinkangosiyidwa. Lero pulogalamu yotumizirana zithunzi yaleka kutseguka, mwezi wamawa ya nyimbo, kenako ya ndalama. Abiti Mdoka anati opanga mapulogalamu ali ngati ogulitsa mandasi, amaika beseni pamene pali anthu. Eni mafoniwo ankabwera patebulo nkhope zili zakugwa.

"Tichotsereni zigambazi, mutiikire zimene ali nazo anzathu."

"Pepani, bambo, chitseko chake n'chokhoma, ndipo makiyi ali kunja."

Ambiri ankangozisiya pomwepo. Kenako tinamva kwa dalaivala wina wa thiraki kuti fakitale yolumbira ija yagwa, ndipo nyumba ya zigamba yati sidzaberekanso. Ndinakumbukira kuseka kwa a Gwedeza, koma sindinadandaule kwenikweni, chifukwa kuimba kokha foni ya amayi inkaimbabe, ndipo amayi sankafuna china.

Lamulungu lina foni inalira, koma mawu oyamba anali a a Nachanza.

"Dikirani, ndikupatseni mayi anu."

"Uli kuti?" anatero amayi.

"Ndili kutali pang'ono."

"Wadya? Chabwino. Kuno tonse tili bwino."

Basi, foni inaduka. Palibe za mbuzi, palibe za denga. Nditamufunsa Yotamu anandiuza kuti batire la foni ya zigamba latupa, ndiye wawagulira ina ya pachitsime, yabwino kwambiri, yodzaza tizithunzi tambirimbiri, ndipo amayi aiika pawindo ngati chokongoletsera nyumba. Zinandipweteka kwambiri. M'maganizo ndinaona amayi akuwoloka bwalo, akuodira pakhomo pa eni ake, akudikira kuti munthu amalize kutsuka mbale. Ndinamuuza Yotamu kuti apereke foni yakaleyo kwa dalaivala wa minibasi.

Inafika m'kansalu kobiriwira komwe kaja, mfundo yake yomweyo. Nditamasula ndinapeza pagalasi pali timadontho touma, takuda, tonga utomoni wa mtengo. Ndinapukusa mutu, ndinati akuluakulu ndi foni zawo. Ndinachotsa batire m'foni ina yosiyidwa n'kuikamo, kenako ndinatenga mswachi ndi sipiriti n'kupukuta mpaka galasi linati mbee. Ndinaibweza ikunyezimira ngati yatsopano. Lamulungu limenelo foni yanga sinalire. Inalira Lachitatu.

"Bwanji amayi, mwachedwa?"

"Ndinatanganidwa. Uli kuti?"

Mawu awo anali omasuka ngati kale, ndipo ine sindinafunsenso zambiri.

Pamenepo ndiye ulendo wanga unapeza mutu wake. Foni zakale zimayenda ngati kaunjika: zikatha ulemu mumzinda zimapita paboma, zikachoka paboma zimakapezeka pamsika wa Lachisanu, mpaka kukafika kumudzi wotsiriza kumene msewu umathera m'chimanga. Ine ndinayamba kuzitsatira. Ndinatsanzika Abiti Mdoka, ndinagula tebulo lopinda, ndipo kulikonse kumene ndinkamva kuti zigamba zikadalipo ndinkatsika. Anthu ankanditcha wa zigamba. Zamoyo ndinkazikonza, zakufa ndinkazitola n'kuziika m'chikwama, chifukwa m'foni yakufa iliyonse munali kachiwalo koti tsiku lina kadzapulumutse ya amayi. Nthawi zina kukamagwa mvula ndinkamva ngati ina ikulira m'chikwamamo, koma ndikatsegula ndinkapeza zonse zili zii.

Masiku amenewo anali okoma, ndisaname. Ndinagona m'masitolo, m'makalasi, m'nyumba za anthu amene sanandifunse dzina. Pamalo ena a mapiri anthu onse ankayenda dzanja lili m'mwamba kufuna netiweki, ngati mpingo ukulumbira. Pamalo ena a pamphambano mphunzitsi wina wopuma ntchito anandibweretsera foni ya mpanda, yosalala, yolemera, imene mphwake anamutumizira kuchokera kunja. Inali yokhomedwa ndi dzina la mwini wake woyamba, munthu amene tonsefe sitinkamudziwa. Ndinalimbana nayo masiku awiri, ndinabwerera pachipata monga ananenera a Gwedeza. Ndinaipukuta n'kuibweza. Mphunzitsiyo anadziyang'ana pagalasi lakelo, anasalaza ndevu, n'kunena kuti sanakhalepo ndi kalilole wodula chonchi, ndipo anandipatsa chinangwa.

Foni ya amayi ndi imene inkandiyendera. Inabwera kachingwe ka tchaja katamasuka mkati, inabweranso sipika itasasa mawu, inabweranso galasi litang'aluka. Nthawi zonse inkafika m'kansalu kobiriwira, nthawi zonse ili ndi timadontho takuda tija, ndipo nthawi zonse ndinkaibweza ili mbee. Ikabwerera, Lamulungu loyamba linkadutsa lopanda kanthu, foni n'kudzalira Lachitatu kapena Lachinayi. Ndinazolowera, ndinkangoti ndi mmene amayi alili. Zopita ndekha kwathu ndinkangoti mwezi wamawa, poti mawu ndinkawamva ndipo ndinkaona ngati zonse zili m'malo.

Kenako inabwera komaliza. Ndinali pamudzi wina umene msewu unathera pamtengo wa mango. Ndinaitsegula, ndinayeza apa ndi apo, ndinapeza kuti bolodi, mtima weniweni wa foniyo, yatha. Ndinakhuthula chikwama chonse pamphasa n'kuyesa bolodi imodziimodzi, koma zonse zinali zitafa imfa yomweyo. Kutsogolo kunalibenso mudzi wina woti n'kukatola. Ndinakhala pansi pa mango uja tsiku lonse, mantha atandigwira, ndikuona amayi akuwolokanso bwalo lija.

Dzuwa litapendeka ndinakumbukira Abiti Mdoka ndi mwana wawo wosakana. M'mawa mwake ndinabwerera paboma, ndinafunafuna foni ya pachitsime yofanana msinkhu ndi ya amayi, ndipo ndinaivula zonse zimene inabwera nazo. Ndinasokapo zigamba zinayi, mitundu yomweyo, malo omwewo, nkhope zomwezo: Lufina, Yotamu, ine ndi a Sikelo. Ndinagwira ntchitoyo masiku atatu, ndipo nditamaliza ndinadzitamandira ndekha. Sindinafune kuipereka kwa dalaivala. Ndinkafuna ndione ndi maso anga ngati amayi angazindikire kuti mkamwini ndi wina.

Kondakitala wa dzino lothyoka anati tatsala pang'ono kufika, ndipo ulendo uno ananena zoona. Kwathu chimanga chinali chikumasula. Amayi anali pakhonde akusenda mtedza. Nditaodira anadzutsa mutu n'kuyang'ana pambali panga pang'ono, pamene panali mtondo.

"Ndiwe? Bwera kuno ndikugwire."

Anandigwira kumaso, m'mapewa, mpaka pachipsera cha pachala. Tinapatsana moni wautali, wa zaka zonse zija, ndipo chimwemwe chinanditseka maso moti sindinaone kanthu. Kenako ndinatulutsa kansalu kobiriwira n'kuwaikira m'manja. Anamasula mfundo. Sanaiyang'ane foniyo. Anayendetsa chala pagalasi kuchokera kumwamba mpaka pansi, kawiri, n'kuusa moyo.

"Wapukutanso."

"Inali ndi litsiro, amayi."

"Litsiro? Mwana iwe! Utomoni umenewo ndimachita kukautenga kumtengo uko, n'kudontheza ndi kamtengo, n'kudikira uume masiku awiri. Dontho limodzi Lufina, awiri Yotamu, atatu iweyo. Nkhope zanuzi ndinaleka kale kuziona, maso anachita chifunga. Ukapukuta, ndimayambiranso. Ndimangogunda mwamwayi mpaka nditapeza yense pamalo pake."

Ndinakumbukira maulendo onse aja ndikupukuta mokondwa, ndikuyendetsa mswachi wa a Gwedeza, ndikufufuta njira ya amayi yobwerera kwa ine.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuze kuti ubwere ndi chisoni? Ndiponso ndikanakuuza iwe, Yotamu akanamva, mkazi wake akanamva, a Nachanza akanabwera kudzandigwira dzanja. Ine pabwalo panga pano ndimayenda ndekha. Amene wavutika ndi a Sikelo, poti mwagundana malo. Ndawafunsa kambirimbiri kuti wadya, moti masiku ano amangoyankha kuti ndadya, amayi, mwana wanu ali kumanzereko."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo nanenso ndinaseka, misozi ikutsika. Manyazi ndinali nawo, koma chimwemwe chinawaposa. Ndinapinda miyendo pakhonde pomwepo, ndinatulutsa supagulu ndi singano m'chikwama, n'kuyamba kudontheza pakona pa chigamba chilichonse, timadontho tolimba toti ngakhale wopusa wina wa mswachi sangatichotse. Limodzi Lufina, awiri Yotamu, atatu ine. Kwa a Sikelo amayi anati ndisaikepo kanthu, apumeko.

Tikudikira kuti ziume ndinaulula. "Amayi, foniyi ndi ina. Ya zigamba ija inafa, ndipo kumene inachokera analeka kupanga. Iyi ndangoiveka malaya a inzake."

"Ndadziwa kale, yapepuka. Imaimba?"

"Imaimba."

"Osadzera kwa munthu?"

"Osadzera kwa munthu."

"Ndiye zinazo n'za inu ophunzira."

Guluu atauma ndinawapatsa. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono, chinadutsa dontho limodzi, chinatsika, chinawerenga atatu, n'kugunda. M'thumba mwanga munalira foni. Ndinangowayang'ana, poti tinali titakhala mphasa imodzi, mawondo akugundana.

"Yankha, nanga ukudikira chiyani?"

Ndinaitulutsa n'kuika kukhutu.

"Uli kuti?"

"Ndili pano, amayi."

"Wadya?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga mwa masiku onse, koma mawu aja anakana kutuluka.

"Sindinadye."

"Ndimadziwa," anatero amayi. "Zaka zonsezi ndinkangokumvera, mawu a munthu wokhuta sakhala choncho. Dula foni, ukunditherera mayunitsi."